Khungu lokha ndilo lakuda

Uweta ndinauyambira pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, masiku aja kadi ya chipani sinkachoka m'thumba ndipo chithunzi cha mwini dziko chinkatiyang'ana pakhoma tikamayala matebulo. Ndinali mnyamata wa kumtunda, cha ku Chinguluwe, mwana wa mpingo, ndi Chingerezi chokwanira kufunsa mlendo ngati dzira alifuna lofewa kapena louma. Ntchito ndinkaikonda, ndisaname. Jekete langa loyera ndinkalisita ndekha, ndipo tambula ikachoka m'manja mwanga munkatha kudziyang'anirapo nkhope.

Manijala wathu anali mzungu wamtali, wofiira pakhosi. Sanali munthu wankhanza. Sankatukwana, sankamenya, ndipo mwana wa wantchito akadwala ankatulutsa galimoto yake kupita naye ku chipatala kuboma. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amafuna kuti mzunguyo akhale chilombo, koma sanali.

Tsiku lina ndikuthira tiyi pa tebulo la azungu anzake, anandigwira paphewa.

"Mwamuona uyu?" anawafunsa. "Uyu khungu lokha ndilo lakuda, m'katimu ndi mzungu mnzathu. Sachedwa, saba shuga, ndipo sakhalira kupempha za ku maliro ngati enawa."

Alendo anaseka, wina mpaka kuwomba m'manja. Enawa amene ankanenawo anali pomwepo, anzanga, mathileyi ali m'manja, ndipo ena mwa iwo Chingerezi ankachimva kuposa ine. Nanga ine ndinatani? Mano onse panja! Ndinatupa ngati finye, tiyi uja ndinatsala pang'ono kumuthira pa nsalu.

Nditalowa kukhitchini, khukhi wathu, bambo wachikulire wa pakamwa pakuthwa, anavula chipewa chake n'kugwada pang'ono.

"Zikomo azungu," anatero. "Mukafika ku Ulaya mudzatikumbukire ife akuba shuga."

Ndinati ndi nsanje chabe.

Madzulo ndinakawafotokozera akazi anga. Anaseka mpaka anaika pansi lichero la mpunga limene ankapeta. Kenaka anandifunsa kuti, "Ndiye ife enafe m'katimu muli chiyani?" Ndinawauza kuti asiye zofufuza mawu, munthu wayamikira basi. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa panyumba linasintha. "Azungu anga, madzi ndapereka kubafa." "Azungu anga, lero ndiwo ndi usipa, kaya mudya." Ankanena mondiseka, koma ine pansi pa mtima zinkanditsekemera.

Akazi angawo anali mwana wa msodzi, Msilamu wa cha ku Lifuwu. Pamene ndinkawafunsira, abale awo anakana kwamtuwagalu, ati mwana wawo sangapite kwa munthu wosadziwa khomo la mzikiti. Amene anathetsa nkhaniyo anali bambo awo. Anati, "Mnyamatayu ndamuona, ulemu ali nawo. Za mapemphero amaweruza ndi Mulungu." Sankanditchula kuti mkamwini, ankati mwana wanga. Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, ndipo anali ku migodi ku Joni. Ukonde ukagwira bwino, chambo chachikulu ankachipatula n'kutumiza kwathu, ngakhale ankadziwa kuti ku hotela nsomba ndimaziona tsiku ndi tsiku.

Chaka chomwecho, mpunga ukucha, apongozi angawo anadwala chifuwa. Akazi anga anabereka mwana wathu kumbuyo n'kupita kukawadwazika, ine n'kutsala ndekha pa nyumba ya ku ntchito.

Loweruka lina tinali ndi phwando la masana la akuluakulu ochokera ku Lilongwe. M'mawa ndikuyala matebulo, anandiitana kuseri kwa khitchini. Anali bambo wina wa kwawo kwa akazi anga, amene ankabweretsa nsomba pa hotela pa njinga. Anavula kofia.

"Apongozi anu atisiya m'mawa uno," anatero. "Mayi akunyumba akuti mubwere msanga, mukawaperekezere bambo awo. Tiika ikangotha swala, mapemphero a masana."

Ndinati ndamva. Ndipo ndinamvadi. Ndinkadziwa kuti Asilamu sagoneka maliro, munthu akamwalira m'mawa dzuwa silimulowera ali panja. Ndinkadziwanso kuti kwawoko akazi sapita kumanda, amatsala pakhomo, amuna okha ndiwo amanyamula. Koma zonsezi ndinkazidziwa ndi makutu okha. M'mutu mwanga munali maliro a kwathu kumtunda, kumene thupi limagona, bokosi likukhomedwa, akwaya akuimba, anthu n'kumadikira wa ku Kasungu ndi wa ku Dedza. Mumtima ndinati, aaa, nawonso ndi anthu, sangaike mkamwini asanafike.

Komabe ndinapita ku ofesi ya manijala. Ndinafika pachitseko, dzanja ndakweza kuti ndigogode. Ndipo mawu aja anandibwerera, kuti sakhalira kupempha za ku maliro ngati enawa. Dzanja lija linatsika lokha. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mzunguyo sanandikanize. Anzanga ankawalola, ankang'ung'udza pang'ono, koma n'kuwalola. Ine sindinapemphe n'komwe. Ndinkaopa kukhala mmodzi wa enawa.

Khukhi uja anali atamva zonse. Anandipeza ndikupukuta mafoloko.

"Vulani jeketelo muzipita," anatero. "Mbale tinyamula ndife."

"Ndipita phwando likatha," ndinayankha. "Maliro sathawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osaseka, n'kubwerera ku mapoto ake. Pakamwa panga ine! Mawu amenewo ndikanatha kuwameza ndikanawameza.

Akuluakulu aja, monga mwa masiku onse, anachedwa. Atafika anayamba ndi zolankhula, uyu aime athokoze, uyo aime athokoze amene wathokoza. Ine ndili njo pambali pa khoma, nsalu pamkono, ndikumwetulira. Ndinagawa supu, ndinagawa chambo, ndinagawa zotsekemera. Pamene mbale yomaliza inkabwerera kukhitchini, dzuwa linali litapendeka.

Ndinabwereka njinga ya mlonda n'kupalasa ngati wamisala. Njira ya ku Lifuwu ndi mchenga, pena ndinkatsika n'kumaikankha, thukuta lili chuchuchu. Nditayandikira mudzi ndinaona gulu la amuna likubwera, makofia ali mbuu, ndipo mtima unakhala pansi, ndinati ndawapeza. Ndinatsika panjinga, n'kuima pambali mwaulemu. Anayi anali atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija cha ku mzikiti. Koma ankachinyamula mopepuka, wina ndi dzanja limodzi. Munalibe munthu. Ankachokera kumanda.

Palibe anandinyoza. Shehe anandipatsa moni, n'kundipepesa, ine amene ndinayenera kupepesa. Ndinawatsatira pambuyo ndikukankha njinga mpaka pakhomo pa siwa.

Akazi anga anali pakhonde pakati pa amayi, mpango kumutu, maso atatupa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ndabwera ndi jekete loyera lija, ndi kataye kakuda pakhosi. Sanakuwe, sanalire. Anangonena ndi mawu apansipansi.

"Azungu afika. Apatseni mpando."

Amayi enawo nkhaniyi sankaidziwa. Mmodzi anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kutulukadi ndi mpando, umene apongozi anga ankakhalira posoka ukonde. Anauika patsogolo panga atagwada. Amuna onse anali pansi pamchenga. Ndinalephera kukhala, ndinalephera kuukana, ndinangoima n'kuugwira. Manyazi ngati amenewo sindinawaonenso.

Anthu atachepa, akazi anga anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Ine kumanda sindiloledwa," anatero. "Achimwene ali ku Joni. Maso anga munali inu, manja anga munali inu. Ndinkafuna wanga wanga akawathire dothi bambo, abwere adzandiuze kuti agona bwino. Anthu anafunsa kuti timudikire mkamwini, mwana wawo uja? Ine ndinati dikirani pang'ono, akubwera. Anadikira mpaka shehe anati nthawi yatha."

Ndinayamba kunena za phwando, za akuluakulu, za manijala.

"Anakukanizani?" anandifunsa.

Sanadikire yankho, anabwerera kwa amayi anzawo.

Nditabwerera ku ntchito ndinapeza manijala atamva kale. Anandigwira chanza, anandipepesa ndi mtima wonse, n'kundifunsa chifukwa chimene sindinamuuzire. Koma tsiku lomwelo, pa chakudya cha masana, ndinamumva akuuza alendo ena.

"Uyu apongozi ake anamwalira m'mawa, koma anagwira ntchito mpaka mbale yomaliza. Ndimakuuzani ine, ameneyu ndi mzungu."

Ulendo uno mano sanatuluke. Khukhi anali pa kawindo kotulutsira chakudya, ndipo anangondipatsira mbale.

Ana anga, amene anapita kusukulu kuposa ine, anakanganapo za nkhaniyi. Wina amati si tsankho, munthuyo ankayamikira, panalibe chipongwe. Wina amati ndi tsankho lenileni. Ine ndikamva mawu akuti ankayamikira magazi amandiwira. Kuyamikira kwanji kumene kumayamba ndi kutukwana amayi ako, bambo ako ndi mudzi wako wonse? Akanati ndine wakhama, ndikanathokoza n'kupita kumaliro. Koma iye anati ndine wabwino chifukwa sindili ngati anthu anga, ndipo kuti mawuwo akhalebe oona ndinayenera kuwasiya anthu angawo. Iye sanaone cholakwa, ndikhulupirira mpaka anabwerera kwawo asanachione. Koma sindingamusenzetse katundu yense. Iye anangonena, amene anakondwa ndine, ndipo amene anatsitsa dzanja pachitseko paja ndine ndemwe.

Banja lathu silinathe. Akazi anga anabwerera, tinalera ana, tinakalamba limodzi. Koma dzina lija lakuti azungu anga sanalitchulenso, ngakhale mwanthabwala, ndipo nkhani ya tsikulo sitinkaikamba.

Patapita nthawi alamu anga anabwera kuchokera ku Joni. Anatsika sitima pa Salima, n'kuyamba adzera kwathu asanapite kumudzi. Uthenga wa maliro unawapeza mochedwa, ndipo zambiri sankazidziwa. Atalira ndi mlongo wawo, anabwera pamene ndinakhala, n'kugwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Alamu, zikomo," anatero. "Mtima wanga unkakhazikika podziwa kuti inu mulipo, munandiimirira. Tandiuzani, powatsitsa bambo, inu munagwira kumutu kapena kumiyendo?"

Ndinayang'ana akazi anga. Iwo anali chogwada, akuthira madzi m'beseni kuti mlendo asambe m'manja, ndipo sanadzutse mutu.

"Anali ku ntchito, achimwene," anatero. "Kunali alendo."

Alamu anga anandiyang'ana, kenaka pang'onopang'ono anasiya dzanja langa.