Misomali Iwiri ya Pakhoma la Amayi

Pakhoma la amayi ku Chiwalo panali misomali iwiri yokha. Pa umodzi panali chithunzi changa cha tsiku lomwe ndinayamba kuphunzitsa masamu ku Migowi. Pa winawo mng'ono wanga anapachikapo ubongo.

Inde, ubongo wa munthu, wojambulidwa ndi makina a kuchipatala, wodzaza madontho ofiira ndi achikasu. Mng'ono wangayo ndi amene malume anamusankha kuti apite patali ndi sukulu, ine atati wamkulu akhale pafupi ndi makolo. Masamu ndinkamuphunzitsa ndine ali wamamina. Koma pofika zaka za m'ma 2000 ndi iye amene ankafufuza za ubongo wa ana odwala malungo, ine ndikumeza fumbi la choko. Nsanje inkandidya, sindibisa. Alendo akabwera, amayi ankaloza ubongo uja, nkhope yanga ili pambali ngati kalendala ya chaka chatha.

Tsiku lina, nthawi yokolola nandolo, mng'ono wanga uja anatsika minibasi nkhope ili yakugwa. Anati nkhani yomwe analemba ya kafukufuku wake yabwezedwa. Akatswiri oiwerenga anafunsa kuti madontho ongobwera mwamwayi anawasefa bwanji, poti iye sanalembepo chilichonse.

"Achemwali," anatero, "makina aja amayesa malo ambirimbiri mu ubongo. Zili ngati ana onse a m'mudzi akugenda mtengo umodzi. Mango agwa ndithu, ngakhale pasakhale wodziwa kugenda. Ndiye umayenera kuchotsa zamwayizo, n'kulemba poyera njira yomwe wachotsera."

Ndinamvetsa asanamalize n'komwe, ndipo kumvetsako ndiko kunandiwawa. Ntchito imeneyi ndikanaitha ine.

Anatulutsa chithunzi chatsopano. Atasefa, moto wonse uja unazima, kunangotsala kadontho kamodzi kumbali. Mumtima ndinavina. Ndinati lero amayi aona kuti ngwazi yawo nayonso imapunthwa.

"Amayi, mwamva?" ndinatero mokoma ngati wowathandiza. "Chija mumaonetsa alendo chija, zambiri n'zamwayi chabe. Chenicheni ndi ichi chotuwachi."

Amayi anasiya lichero, napukuta manja. Anagwira chatsopanocho, kenako n'kuyang'ana chakale chija nthawi yaitali. Ine ndinkangodikira kuti achitsitse.

"Ndiye kuti uyu ndi nandolo wosapeta, uyu wopeta," anatero. "Zikhale zonse. Anthu aone kuti mwana wanga amadziwa kupeta."

Anasakasaka msomali wina pawindo, m'chitini cha mabatani, mpaka kunkhokwe, osaupeza. Atabwerera anaima pakhoma paja, natsitsa chithunzi changa. Anachipukuta bwinobwino ndi nsonga ya chitenje, nandiikira m'manja.

"Iwe uli pafupi," anatero. "Timakuona."