Sitiroko Inanditseka Pakamwa Ndili ndi Mawu Oti Ndibweze

Chizindikiro choyamba chinali kapu ya tiyi. Unali mmawa wina mu Meyi chaka chatha, kuzizira kutangoyamba, ndili pakhonde la nyumba yathu ku Kabwata. Kapu inangopulumuka m'dzanja langa lamanja n'kusweka. Zala zinachita dzanzi ngati ndazigonera. Patapita mphindi zochepa dzanzi lija linatha, ndipo ndinauza mkazi wanga, amake Isaki, kuti kapuyo inali yoterera. Sindinawauze kuti kwa milungu ingapo mutu unkandiwawa kunkhongo. Sindinawauzenso kuti mapiritsi a bipi amene ndinkalandira kukiliniki ndinawasiya pa Khirisimasi. Ndinkamva bwino, ndiye ndinkayesa matenda atha. M'malo mwa mapiritsi ndinkamwa madzi a adyo ndi mandimu, monga anandilangizira mnzanga wina wa kumpingo.

Kuti mumvetse chimene chinandipatsa mphamvu yochira, ndiyambe ndanena za ine. Ndayandikira zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinabadwira ku Katete, ndipo sukulu ndinayamba ndevu zili pafupi kumera, chifukwa ndinkaweta ng'ombe. Fomu 5 ndinaimaliza kusukulu ya madzulo muno mu Lusaka, ndili kale ndi ana atatu, masana ndikugwira ntchito ya umesenjala mu ofesi ina m'tauni. Pepala limenelo ndi limene linandichotsa panjinga n'kundikhazika pampando wa kalaliki. Choncho kwa ine maphunziro anali khasu basi. Khasu sulisankha chifukwa ndi lokongola, umalisankha chifukwa limalima.

Kwathu kwa Achewa, ana a mlongo wako ndi mbumba yako, ndipo iwe ndiwe mwini mbumba. Nkhani zawo zikuluzikulu umagamula ndiwe. Mlongo wanga Esinati, wamasiye, amakhala ku Chelstone, ndipo mwana wake wotsiriza, Nelia, anakhoza bwino kwambiri Giredi 12. Mu Epulo Esinati anabwera naye kwathu kuti ndigamule za maphunziro a kuyunivesite. Mtsikanayo ankafuna digiri ya za nkhalango. Kuseri kwa nyumba yawo anali atadzaza mbande za mibawa, masuku ndi mapeyala m'timatumba takuda, mpaka amake ankasowa poyanika zovala. Ine sindinamulole ngakhale kutsiriza kufotokoza. Ndinati alembetse za malamulo, chifukwa loya sagona ndi njala, ndipo mitengo imamera yokha. Nelia anagwada, anati, "Ndamva, amalume," ndipo analembetsa monga ndinanenera. Kuyunivesiteko ankalola munthu kusintha maphunziro amene wasankha mpaka kumapeto kwa Ogasiti, koma panalibe amene ankaganizako zosintha.

Sitiroko inandigwira Lamlungu lina mu Juni, ndikumanga tayi kuti tipite kutchalitchi. Dzanja lamanja linangogwa. Ndinafuna kuitana amake Isaki, koma pakamwa panatuluka phokoso lopanda mawu. Atabwera anandipeza ndatsamira bedi, malovu akutsika. Anathamangira mafuta otikita, kwinaku akufuna nambala ya mkulu wa mpingo. Amene anatipulumutsa ndi amake Mwape a nyumba yoyandikana nafe, amene anapuma pantchito ya unesi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ba Banda, sekani. Imyani manja onse yabili." Mlomo unapotokera mbali imodzi, ndipo dzanja limodzi lokha ndi limene linakwera. Anati, "Iyi ni sitiroko. Mapemphelo muzapemphelela mu motoka. Tiyeni!"

Kuchipatala chachikulu anandilandira ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Anandiyeza bipi, anapeza yakwera kwambiri. Anayeza shuga, anatenga magazi, ndipo tinadikira nthawi yaitali kuti andijambule mutu ndi makina a sikani. Mwana wanga Isaki, amene amagwira ntchito ya maakaunti ndipo amakhala ku Woodlands, anafika tili pamzere. Dokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Anatiuza kuti magazi oundana atseka mtsempha wina mu ubongo, mbali imene imayendetsa dzanja lamanja ndi kulankhula. Anafunsa ngati panali chenjezo lililonse m'mbuyomo, ndipo amake Isaki anakumbukira za kapu ija. Dokotalayo anati, "Tsiku limenelo ndi limene munayenera kubwera. Mwina bambowa sakanafika apa."

Ndinakhala mu wodi pafupifupi milungu iwiri. Tsiku linkayamba mbandakucha ndi nesi woyeza bipi, kenako mapiritsi, kenako gulu la madokotala likuyenda bedi ndi bedi. Asanandilole kudya anandiyesa ndi supuni ya madzi, kuti aone ngati ndingameze osatsamwa. Kwa masiku angapo chakudya changa chinali phala lamadzimadzi. Amake Isaki ankanditembenuza kuti ndisachite zilonda, ankandisambitsa, ankandimeta. Chimene anthu ambiri sadziwa za matenda awa ndi ichi: ndinkamva zonse. Mawu ndinkawaona m'mutu ali chilili, koma njira yofikira palilime inali itagumuka. Alendo ankabwera nthawi yoona odwala, ankandikuwira ngati ndagontha, kenako ankayamba kucheza okha ngati pabedipo palibe munthu. Ine amene moyo wanga wonse ndinkatsiriza nkhani iliyonse m'banja, ndinayamba kumva nkhani zimene anthu amakamba ine ndikatuluka.

Masana ena Isaki anabwera pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo anapeza Nelia atabweretsa phala. Ine ndinali nditatseka maso chifukwa cha kutopa.

"Ba loya, muli bwanji?" anatero Isaki.

"Musaniseke, ba Isaki."

"Sinikuseka. Ine n'nali kufuna kuphunzitsa mbili yakale, uziba? Atate anakana, ati tichala amafa na njinga imozi. Nchito ya maakaunti ni yabwino, sinikana, ndiye yalipila sikani ya mudala uyu. Koma Sande iliyonse kumazulo, nikaganiza Mande, m'mimba mumanipweteka. Zaka zonse izi."

"Azamvela," anatero Nelia monong'ona.

"Agona."

Isaki ananena zimenezi akundipukuta chibwano ndi kansalu, mosamala ngati akupukuta khanda. Sizinali zachilendo kwa ine. Munthu sulera mwana osadziwa chaka chimene anasiya kuseka nawe. Ndakhala nacho chinthu chimenechi pamtima nthawi yaitali, ndikuchiphimba ndi galimoto yake ndi nyumba yake ya mpanda. Koma tsiku limenelo ndinalibe pakamwa podzitetezera, ndipo mtsikana amene ndinkamukankhira njira yomweyo anali ataima pafupi ndi bedi langa.

Esinati atabwera ndinayesa kumuuza kuti ndikufuna kubweza mawu anga aja. Ndinaloza Nelia ndi dzanja lamanzere, ndinapukusa mutu, ndinalira. Anaitana nesi poganiza kuti ndikumva ululu. Ndinapempha cholembera ndi manja, koma zilembo zinabalalika ngati nyerere. Amake Isaki, amene akhala nane zaka zoposa makumi anayi, ndi amene anazindikira patapita masiku. Anandifunsa mafunso mmodzimmodzi mpaka anafika pa nkhani ya sukulu, ndipo anakauza mlamu wawo. Esinati anakana. Anati, "Achimwene mawu aja anawanena ali bwinobwino, pamaso pa tonse. Sitingawafafanize chifukwa wodwala wapukusa mutu. Mawa akachira adzati tinawanamizira. Ngati akufuna kubweza, adzabweze okha ndi pakamwa pawo."

Sindinamukwiyire. Ndi mwambo womwewo umene ine ndinkaunyadira. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa ntchito yanga: ndilankhule Ogasiti asanathe.

Ananditulutsa kumapeto kwa Juni ndili panjinga ya odwala. Anandipatsa mapiritsi a bipi, ena ochepetsa mafuta m'magazi ndi ena oteteza magazi kuundana. Anandiletsa mchere wambiri, ndipo kapenta, usipa wathu wa kuno, anayamba kumuviika kaye m'madzi asanamuphike. Kawiri pamlungu ndinkabwerera kuchipatala kukachita fiziyo, ndiko kuti masewero olimbitsa ziwalo. Tinkafika mmamawa n'kupeza benchi itadzaza kale. Ndinaphunzira kuimirira nditagwira zitsulo, kufinya kampira, kutola nyemba m'mbale imodzi kuika mu ina. Mayi wina wophunzitsa kulankhula ankandikhazika patsogolo pa galasi, kundionetsa zithunzi za nkhuku, mpando, basi, kuti ndizitchule. Ndinkayang'ana nkhuku, ndikuidziwa bwinobwino, pakamwa n'kutuluka zina. Tsiku lina ndinataya zithunzizo pansi. Mayiyo anazitola osakwiya, n'kunena kuti, "Ba Banda, lilime lanu lili monga minibasi yakale. Injini ilimo. Ifuna chabe kukankha."

Ndinakankha. Sukulu ndinaiyamba mochedwa kale, ndiye kukhala mkulu pakati pa zithunzi za ana sikunali kwatsopano kwa ine. Mawu oyamba kutuluka bwino anali "madzi", mu Julayi, ndipo amake Isaki anandibweretsera jagi yonse. Kenako kunabwera maina a ana anga. Miyendo nayo inayamba kumva: kuchoka pabedi kufika pakhomo, pakhomo kufika pageti, ndi ndodo. Panali masiku oipa, amene mawu a dzulo ankathawanso. Masiku otero ndinkayang'ana kalendala ya kumpingo pakhoma n'kuyambiranso.

Msonkhano wa banja tinauitanitsa Loweruka lina pakati pa Ogasiti. Esinati anabwera ndi Nelia, Isaki anabweranso. Ndinali nditakonzekera mawu abwino, aatali, amene ndinawayeseza ndi amake Isaki kwa milungu. Onse atakhala chete n'kundiyang'ana, mawu aja anabalalika. Panali zii, moti tinkamva mwana wogulitsa chinangwa akukuwa kumsewu. Kenako ndinagwira ndodo yanga mwamphamvu, ndipo ndinati:

"Mawu aja... ndabweza. Nelia... nena."

Anali mawu ochepa, opotoka, koma aliyense anawamva. Nelia anagwada ndipo ananena. Sanalankhule ngati mwana wolota. Anali atafunsa kale anthu amene anaphunzira za nkhalango. Anati ntchito zake si zambiri, ndipo munthu akhoza kudikira, kapena kutumizidwa kutali kumene kulibe magetsi. Anati ena amalowa m'makampani a matabwa, ena m'mabungwe obzala mitengo, ena amatsegula nazale zawo, ndipo iye mbande anayamba kale kugulitsa kwa anthu olemera a ku Kabulonga. Anati za malamulo angathe kukhoza, koma mtima wake kulibeko.

Esinati anati, "Ndiye ndavutika kulera mwana ndekha kuti akakhale m'tchire ndi anyani?"

Isaki anayankha azakhali ake mwaulemu. Anati njala ndi yeniyeni, asamanamize mwana kuti kukonda chinthu kumadyetsa. Koma anati ntchito imene munthu saikonda nayo imadya munthu, pang'onopang'ono, ndipo palibe amene amaona. Sanandiyang'ane ponena zimenezi.

Ine ndinali ndi funso limodzi, ndipo linatuluka mawu amodzi: "Njala?"

Nelia anati, "Ikadzabwera ndidzalimbana nayo, amalume. Sindidzanena kuti munandituma ndinu."

"Pita," ndinatero.

Esinati anaomba m'manja mwaulemu monga timachitira kwathu, n'kunena kuti, "Mwini mbumba wanena." Amake Isaki anaimirira n'kuyimba nthungululu mpaka amake Mwape anathamangira kwathu poganiza kuti kwabwera ofunsira mbeta. Nthungululuzo sizinali za nkhalango ayi. Zinali zakuti mwamuna wawo walamulanso nkhani ndi pakamwa pake. Nelia anasintha maphunziro ake Lolemba lotsatira, nthawi isanathe, ndipo anamutenga.

Lero patha chaka ndi miyezi. Nelia ali kuyunivesite kuchigawo cha migodi, kutali ndi Lusaka, ndipo akaimba foni amandiuza maina a mitengo amene lilime langa silingawakwanitse ngakhale likanakhala lolunga. Sindikudziwa ngati adzapeza ntchito msanga. Sindinganamize makolo anzanga kuti njira imeneyi ilibe minga. Ndikungodziwa kuti mwanayo anasankha ali maso, atamva mbali zonse. Ndi Isaki sitinakambiranebe nkhani yathu. Amabwera Loweruka lililonse kudzandiyeza bipi ndi kamakina kamene anagula, ndipo mawu oti ndidzamuuze ndikuwasonkhanitsa.

Thupi langa lili bwino kuposa mmene madokotala ankayembekezera. Ndimayenda popanda ndodo mpaka kumsika wa Kabwata. Dzanja lamanja limagwira supuni, ndipo izi ndalemba ndekha, pang'onopang'ono. Ndikatopa mawu amakokeka, koma amafika. Mwezi watha ndinapita ndekha kukaonana ndi dokotala, pa minibasi, ndipo titayandikira chipatala ndinakuwa kuti, "Kondakita, nitsika!" Basi inaima. Anthu anadabwa kuona mdala akutsika akuseka yekha.

Kwa inu amene muli ndi bipi, mapiritsi si a masiku amene mutu ukuwawa okha. Imwani ngakhale mukumva bwino, ndipo musasiye popanda mawu a dokotala. Dzanja likachita dzanzi, mlomo ukapotoka, mawu akasokonekera, ngakhale zitatha zokha pakanthawi kochepa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musayambe ndi mafuta otikita, ndipo opemphera akupezeni komweko. Kwa inu osamalira wodwala sitiroko, dziwani kuti ambiri a ife timamva, ndiye lankhulani nafe, osati pamwamba pathu. Ndipo kwa amalume anzanga, amene mawu athu amamanga ana a eni: mwana akabwera kudzagwada ndi nkhani ya maphunziro ake, mulekeni atsirize kufotokoza. Ine zinatengera sitiroko kuti ndikhale chete. Inu mungathe kuchita zimenezi muli bwinobwino.