Wotchi Yapakati pa Loko wa a Hostetler

A Orval Bechtel anatha zaka makumi anayi akuzungulira mabanki a m'matauni ang'onoang'ono a ku Ohio, kutsuka ndi kuthira mafuta maloko a nthawi. Loko wotereyu amakhala kuseri kwa chitseko cha sefa yosungiramo ndalama, ndipo mkati mwake mumakhala mawotchi atatu. Akamupukusa poweruka, sefayo sitseguka mpaka maola akwane, ngakhale mbava italoza manejala ndi mfuti. Mawotchiwo amakhala atatu kuti imodzi ikafa, enawo atsegulebe.

Atapuma pa ntchito, manja anakana kukhala chabe. Anagula kamera n'kuyamba kujambula maloko akale kunyumba za anthu amene amawatolera, kuti zithunzi zilowe m'buku la gulu lawo. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalemba amene anapanga lokoyo, chaka chake ndi manambala a mawotchi. Otolerawa ali ndi nthenda yawoyawo. Kwa iwo loko weniweni ndi amene manambala ake atatu akutsatana monga anachokera ku fakitale. Wotchi imodzi ikangosinthidwa, lokoyo amamutcha wachigamba, ngakhale akuyenda bwino kuposa mtima wa mwini wake. A Bechtel ankadziwika kuti akalemba nambala palibe wotsutsa, ndipo mbiri imeneyi ankainyadira kwambiri.

Mnzawo wa ponda apa m'pondepo anali a Merle Hostetler, amene ankamwa nawo khofi Lachinayi lililonse. Mkuluyu anali ndi maloko makumi atatu, koma wapamtima anali mmodzi, wochokera ku banki imene malemu bambo awo anagwirako ntchito moyo wawo wonse. Ankafuna kuti buku litamande lokoyo kuti sanasinthidwepo kanthu.

"Ujambule bwino, mdala iwe," anatero a Hostetler akuyala nsalu yakuda patebulo. "Osati zithunzi zako zija zooneka mphuno yako m'chitsulo."

"Mphuno yanga ndi imene imakongoletsa zinyalala zakozi," anayankha a Bechtel.

A Bechtel anamasula masikulu a lokoyo, natulutsa mawotchi, n'kuwerenga ndi galasi lokulitsira. Nambala ya wotchi yoyamba inathera pa 16, ya yachitatu pa 18. Yapakati inali ndi nambala yachilendo, yotalikirana ndi zinzake. Ataitembenuza anapeza kuseri tizilembo tozokota ndi singano, monga amisiri ankachitira akatha ntchito: O.B. 71. Linali dzanja lawo lomwe.

Anakumbuka. Chaka chimenecho cha 1971, ali pa ntchito ku bankiyo, anapeza wotchi yapakati itathyoka sipuling'i, ndipo anaikapo ina imene anali nayo m'galimoto. Inali ntchito yabwino, mwinanso anamwera khofi pomwepo. Koma mlandu suola.

"Amwene," anatero a Bechtel, "loko wakoyu ndi wachigamba. Chigambacho ndinaika ndine."

A Hostetler anatenga galasi nayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga yakaleyo unaiika kuti?"

"Ndinataya. Masiku amenewo chitsulo chakufa chinali chitsulo chakufa basi."

"Unataya wotchi imene bambo anga ankapukusa ndi manja awo?"

"Imene ndinaikayi anaipukusanso zaka khumi ndi ziwiri, Merle."

"Usandiphunzitse za bambo anga!" A Hostetler anakhala pampando. Atapuma, anayankhula motsitsa mawu. "Tamvera. Ujambule kumaso kokha, nambala yapakatiyo ulembe 17. Ndani adzamasule? Ine ndatsala ndi zaka zingati?"

Apa a Bechtel anagwira njakata. Mnzawoyo ankamukonda, ndipo anamva chisoni chenicheni poona nkhalamba ikupempha ngati mwana. Komanso ankadziwa kuti akanama pa loko mmodzi, maloko mazana anayi amene analemba kale asanduka mphekesera.

"Sindingathe," anatero. "Ukafuna, tisamuike m'buku n'komwe."

"Loko wa bambo anga asalowe m'buku? Wapenga?" A Hostetler anaimirira, natenga nyali yojambulira. "Jambula. Ulembenso dzina lako lonse, anthu adziwe amene anawononga."

A Hostetler anagwira nyaliyo okha, ndipo chithunzi chabwino chinatuluka ulendo wachisanu. Patsamba lake m'bukumo palembedwa kuti wotchi yapakati inasinthidwa mu 1971 ndi Orval Bechtel, mmisiri. Anthu a m'gulu amati ndi chithunzi chooneka bwino kuposa zonse.

A Hostetler anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Akakumana ndi a Bechtel ku tchalitchi ankapereka moni mwaulemu, kufunsa za akazi awo ndi za nyengo, n'kumawatchula kuti bambo Bechtel. Mpaka imfa sanawatchulenso kuti mdala.