Kawilo Kofiira Kumchira wa Ndege

Ndinali ndi zaka 16 pamene ndinasiya sukulu. Sindinachite kutsanzika. Ndinakalipira mphunzitsi wa masamu pamaso pa kalasi yonse, anandiimitsa sabata imodzi, ndipo sabatayo sinathe mpaka lero.

Ndinkakhala ndi azakhali anga ku Etobicoke, kuno kudziko la azungu, m'nyumba yosanja pafupi ndi bwalo la ndege la Pearson. Iwo ankalawirira kukasamalira okalamba, ine n'kutsala pakhonde kumayang'ana mimba za ndege zikutsika. Pakamwa panga panali pamoto. Dalaivala wa basi, wogulitsa m'sitolo, aliyense wondiyang'ana molakwika ankalandira zake.

Amene anandichotsa pakhondepo ndi a Tembo, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo ku North York. Anali dokotala, wa aja ogoneka odwala tulo asanawachite opaleshoni. Nyengo yotentha, Loweruka lililonse ankapita kunja kwa mzinda, kukalabu ina ya kuminda ya chimanga, kukaphunzitsa anthu kuulutsa gilaida. Gilaida ndi ndege yopanda injini. Kandege kena kamaikoka ndi chingwe mpaka m'mwamba, kenako n'kuisiya kuti iziyandama yokha ngati kabawi.

Azakhali anavomera, koma anaikapo lamulo. "Yamikani, tamvera. A Tembo si anzako. Ukakangokwezera mawu munthu wamkulu kumeneko, kamodzi kokha, ndidzawauza ndekha kuti asakutengenso. Manyazi wandichititsa akwana."

Ndinalonjeza, ndipo nditafika kukalabuko ndinadziwa kuti lonjezo ili lokha sindiliphwanya. Fungo la udzu wongotchetcha kumene, mapiko oyera ataliatali atagona padzuwa, mluzu wa gilaida ikamadutsa pamutu: kanali koyamba m'dziko lino kupeza malo amene ndinkaopa kuthamangitsidwako.

Chinandidabwitsa n'chakuti panalibe wolembedwa ntchito. Woyendetsa kandege kokoka kaja, mkati mwa sabata ankaulutsa ndege zikuluzikulu zomwe ndinkaziona pakhonde zija. Mayi amene ankakhalira pathirakitala kutchetcha udzu, nkhope ili psuu, anali loya wa ku Downtown, pakati pa mzinda. Ndinafunsa a Tembo kuti amawalipira zingati.

"Iwe mfana, azanilipira ndani?" anaseka. "Amene ananiphunzitsa ine sanatenge kanthu. Kankha ndeke."

Ntchito yanga inali yothamanga ndi phiko. Gilaida ikaima imatsamira phiko limodzi pansi. Wothamangayo amakoleka chingwe, n'kudzutsa phikolo, n'kukupiza mkono kuti kandege kokoka kawongole chingwe pang'onopang'ono. Chikawongoka amazunguza mkono, ndiye kuthamanga nalo phikolo mpaka mphepo italilandira. Tsiku loyamba lomwe a Tembo anandiuza lamulo la pabwalopo: aliyense woona cholakwika, kaya ndi mlendo kaya ndi mwana, afuule kuti "Stop!", zonse ziime. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati limenelo ndi lamulo la ana a azungu. Mwana wa ku Ntcheu, wokhala ndi mlandu kale kunyumba, afuulire dokotala? Miyezi yonseyo mawu anga anali "inde", "zikomo" ndi "pepani".

Tsiku lina masana mphepo inatembenuka, ndiye tinakankha magilaida onse kupita kumapeto ena a bwalo. Pokankha timamangirira kawilo kofiira kumchira kuti ndege izikhota mosavuta. Kawilo kameneko n'kolemera, ndipo ndege ikanyamuka nako mchira umakokera pansi, mphuno n'kuloza kumwamba, woyendetsa osathanso kuiwongola. Amakapaka utoto wofiira dala kuti kasaiwalike. Tsikulo anthu anali pachangu, aliyense akuganiza kuti mnzake wakachotsa.

A Tembo anakhala kumbuyo, wophunzira wawo kutsogolo, n'kutseka chivindikiro chagalasi. Ndinakoleka chingwe, ndinadzutsa phiko, ndinayamba kukupiza mkono. Chingwe chikuwongoka m'udzu, diso langa linagwera kumchira. Kofiira.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinati, "Pepani a Dokotala." Ndi mawu a m'tchalitchi, injini ikulira kutsogoloko, galasi lili chitsekere. Mkono wanga unali ukukupizabe wokha. Ndinabwerezanso, "A Dokotala, pepani, kumbuyoko." Iwo maso anali kutsogolo. Chingwe chinati nga, gilaida n'kusuntha pang'ono.

Apo ndiye pakamwa paja panatseguka. Ndinagwetsa phiko pansi, mkono m'mwamba. "Stop! Stop! Inu a Tembo, kodi ndinu ogontha? Stop!"

Mawu anga anafika mpaka kuthirakitala. Chingwe chinamasuka n'kugwera m'udzu, injini inatsika, bwalo lonse linati zii. Ndinali nditatchula dokotala kuti wogontha, anthu onse akumva.

A Tembo anatuluka, n'kutsatira chala changa mpaka kumchira. Anaima pamenepo kanthawi, manja m'chiuno. Anamasula kawiloko okha, n'kubwera nako kwa ine.

"Unakaona liti?"

"Chingwe chitayamba kuwongoka."

"Manje nthawi yonse ija unali kuchita chani?"

"Ndimati pepani."

"Pepani! Pagalasi?" Anapukusa mutu. "Ulemu wako unafuna kutipha, mfana. Ine na mwana wa eni uyu."

Kenako anaitana onse amene anali pafupi, n'kunena m'Chingerezi kuti kulakwa kunali kwawo, chifukwa sanazungulire ndege asanakwere. Panalibe kukalipirana. Mayi loya uja anandigwira paphewa mondiyamikira n'kubwerera kuthirakitala yake, ndipo posakhalitsa ndinali nditadzutsanso phiko lomwe lija.

Pobwerera m'galimoto ndinkangoganiza za azakhali. Tili pafupi kufika a Tembo anati, "Koma zakugonthazo uzichotseko. Stop yekha akwana."

Anakwera nane mpaka kunyumba. Azakhali anatsegula chitseko atavala yunifomu ya kuntchito.

"Amayi, mwana wanu wanikalipira lero," anatero a Tembo.

Azakhali anagwira kumutu. "Mayo ine! Yamikani! Pepani a Dokotala, sabweranso kumeneko, ndinamuuza ine."

"Iyayi. Loweruka nizabwera kumutenga m'mamawa. Asachedwe." Ndiye anakhala pampando n'kufotokoza bwinobwino. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangoti, "Ndiye mpaka kuwanena kuti ogontha?"

Lero ndimayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'nyumba yosungira katundu konkuno ku Etobicoke. Mtima wapachala sunandithere, ndisaname. Koma ndinamvetsa kuti onse amene ankandiuza kuti nditseke pakamwa ankanena theka la nkhani. Mawu aakulu ali ndi ntchito yake, kungoti ine ndinkawamwaza pa madalaivala a basi, n'kuwasowa pamene ankafunika. A Tembo akanatha kundisiya ndi "pepani" wanga, anthu n'kumati mwana uja anasintha. Sanafune zimenezo.

Loweruka ndimapitabe kukalabu, ndipo achinyamata atsopano ndine ndimawaphunzitsa kuthamanga ndi phiko, kwaulere ngati mmene ndinaphunzirira. Asanagwire chingwe ndimawaimika kumapeto a bwalo kuti andifuulire ine kuti "Stop!" Ana a kwathu ndi amene amavuta, amayamba ndi "pepani achimwene". Ndimangowabweza kuti akayambirenso, mpaka nditamva.