Thanki ya a Chimbalanga Ikana Kukhala Chete

A Weston Chimbalanga anachoka ku Dedza ali mnyamata, katundu wawo ali mphasa ndi pakamwa basi. Ntchito anaipeza ku Kanengo, yosankha fodya, ndipo chaka cha mavoti a matipati anasamukira ku Area 25, m'nyumba ya lendi ya chimbudzi chogejemula. Kunyada kwake! Mlendo asanapatsidwe mpando, ankayamba waonetsedwa chimbudzi.

Koma bambowa anali a kachasu. Akazi awo, a Jacinta, mayi wa Chigwirizano, anali atawalumbirira: "Ndikadzapezanso botolo muno, ndiitana ankhoswe, inu muzipita." A Weston anangoti chabwino. Kabotolo kawo anakapezera malo m'thanki ya chimbudzi, mozizira bwino, momwe mkazi sasuzumiramo. Anthu ankawamvera chisoni kuti ali ndi vuto la m'mimba, poti ankalowamo pafupipafupi, chonsecho akutuluka akumwetulira.

Chinawagwetsa ndi dyera. Nyengo ya fodya itafika pachimake anachotsa kabotolo kaja n'kuikamo chibotolo cha sikwashi chodzaza kachasu. Kuyambira pamenepo thanki sinakhalenso chete: shwiii usana wonse, madzi akutuluka pa kapaipi ka kuseri, khoma ndere zokhazokha, aneba akutukwana matope. A Weston ankangoimenya thankiyo ndi chibakera n'kumanyoza mapaipi a masiku ano. Za botolo sanaganize n'komwe.

Loweruka lina pochokera kumsika a Weston anapeza njinga pakhomo. Inali ya a Wilkins, mchimwene wa a Jacinta, pulambala wa ku Mchesi, amenenso anali nkhoswe ya kuchikazi. Awiriwa sankamwerana madzi.

"Alamu, wakuitanani ndani?" anafunsa a Weston.

"Mlongo wanga, mwini khomo. Inu paja mumangogonapo."

"Chimbudzi changa musachigwire. Ndikonza ndekha."

"Inu? Munthu wolephera kupopa njinga? Tapatukani, mukunditchinga."

"Ndi kalabala chabe katha. Kena ndagula kale."

"Kali kuti?"

A Weston anasisita matumba, mulibe. Anaima pakhomo la chimbudzi atatambasula manja, thukuta lili kamukamu. A Wilkins anawakankha ndi phewa, nagejemula, n'kumamvetsera madzi akulowa osaleka. Kenako anatukula chivundikiro.

Mpira woyandama, umene umakwera ndi madzi n'kutseka mpopi thanki ikadzaza, unali utapanikizika pansi pa chibotolo. Ukanakwera bwanji?

"Alamu," ananong'ona a Weston, "tigawane. Ndi mutu weniweni wa kachasu, wa ku Mgona."

A Wilkins anazula botolo lija. Mpira unakwera, madzi analeka, m'nyumba monse munati zii. Anatsegula botolo, nanunkhiza, natsinzina.

"Achemwali! Tabwerani mudzaone kalabala ka amuna anu!"

A Jacinta anatulukira akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana botolo likudontha, nayang'ana amuna awo.

"Ndi palafini," anatero a Weston.

"Palafini wake mumatsukira m'kamwa?"

"Ndinamupeza momwemo. Mwina ndi wa anthu amene ankakhala muno kale."

"Mwawamva, achimwene? Ineyo chitsiru chawo." A Jacinta analanda botolo n'kulikhuthulira m'chimbudzi, nagejemula okha. "Inu achimwene, sambani m'manja mukhale pampando, ntchito yoyamba mwatha, yatsala ya unkhoswe. Inu bambo, tumizani uthenga kwa ankhoswe anu ku Dedza. Podikira, chikwama chanu chili pamwamba pa kabati. Muchitsitse nokha, msana ukundiwawa."