Mizere Inayi ya Mwana Wanga

Ndinafika ku Thyolo ndili mphunzitsi wa taye pakhosi, wochokera ku Mzimba, wodzimva kuti sukulu ndinapita. Ndinakondana ndi mtsikana wina wa ku Nchilamwela, wothyola tiyi ku esiteti. Banja sitinamange, ankhoswe sanakhalepo, koma mwana wamkazi anabadwa. Asanayambe n'kuyenda komwe, ife tinali titasiyana. Wolakwa ndinali ine ndi pakamwa pangapa, zimenezo sindibisa.

Kwathu mwana ndi wa bambo. Ndiye atakwanitsa zaka ziwiri ndinavala jekete, envulopu ya ndalama m'thumba, n'kupita kukamutenga. Ndinapeza mlongo wake wa mayi wa mwanayo, mwini mbumba, akunola mpeni wodulira tiyi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza Chingerezi changa chonse.

"Aphunzitsi," anatero, "kuno tambala satenga anapiye. Ntchito yake n'kulira m'mawa basi."

Anawonjezera kena kake m'Chilomwe, amayi amene ankasenda chinangwa n'kuseka mpaka kugwirana. Envulopu ija sanaikhudze. Anangonditengera kuseri kwa nyumba, ku kamunda kawo ka tiyi, n'kundilozera mizere inayi yotsetsereka kumtsinje.

"Iyi ndi ya mwanayo. Phala lake, sopo wake, sukulu yake zidzachokera apa. Muzibwera Loweruka lililonse kudzaisamalira. Mukabwera mudzamuona, mukapanda kubwera musadandaule."

Ndinapsa mtima zedi. Ine, mphunzitsi, dengu kumsana? Mnzanga wa kusukulu anati ndipite kukhoti, poti lamulo silifunsa ngati munakwatirana kapena ayi. Zinali zoona, koma ndinakumbuka kuti fupa lokakamiza limaswa mphika. Ndinkafuna mwana wondisekerera, osati wobwera ndi kalata. Loweruka ndinalawirira.

Tiyi ndinkangomudziwa m'kapu. Tsiku loyamba ndinathyola zilizonse zobiriwira, mame atandinyowetsa mpaka m'chiuno. Amalume aja anasuzumira m'dengu n'kukhuthulira pansi.

"Izi ndi ndiwo za mbuzi, aphunzitsi. Masamba awiri ndi kansonga. Kuwerenga mpaka awiri kokha kukuvutani?"

Ana a m'kalasi mwanga ankadutsa pamsewu n'kundipatsa moni mwaulemu wonse, kenako n'kukasekera patsogolo. Zala zinang'ambika, ndipo Lolemba choko chinkaluma m'ming'alumo. Koma dzuwa likakwera, mayi wake ankabwera ndi mwana kudzandipatsa madzi. Kamwanako kankakhala pamutu pa mzere, miyendo italunjika, kakutafuna chinangwa n'kumandiyang'ana. Ndinkakapangira tingolo ta mapesi. Ine ndi mayi wake tinkangopatsana moni, osapitirira apo. Nthawi imeneyo inkandikwanira sabata yonse.

Ndinaphunzira kudulira m'chilimwe, kupalira, kuthira feteleza mvula ikayamba. Zaka ziwiri zinatha chonchi. Kuti ndine ndani sindinamuuzepo mwanayo. Ndinkati magazi amadziwana okha, komanso ndinkaganiza kuti kunyumbako amamuuza. Iwonso kaya ankadikira ine.

Loweruka lina ndinachedwa. Ndikutulukira pabwalo, mwana uja anandiona, n'kuthamangira kwa amalume ake akudumphadumpha ndi chimwemwe.

"Amalume! Amalume! Aganyu aja abwera!"

Mayo ine! Ndinaima dengu lili m'manja. Sanalakwe mwanayo, ananena zimene maso ake ankaona: munthu wobwera m'mawa, wogwira ntchito, womwa madzi n'kumapita. Zinandipweteka kuposa kusekedwa konse kuja, ndipo ndinachita manyazi kuti misozi ikulengeza pamaso pa anthu.

Amalume aja anadzuka n'kundilanda dengu lija.

"Iwe, tabwera kuno," anamuitana. "Waganyu timamulipira madzulo n'kumuiwala. Awa unawaonapo akulandira kanthu? Awa ndi abambo ako."

Mwana anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, chala chili m'kamwa.

"Nanga bwanji sagona kuno?"

Ine ndinayang'ana pansi, amalume anayang'ana kumunda. Mayi wake, amene ankachapa pambali pa nyumba, anapukuta manja pachitenje n'kulowa m'nyumba. Ndinati basi, zathera pomwepa. Koma anatuluka ndi kajumbo, muli diresi ndi juzi.

"Pita nawo ukaone kumene amagona," anamuuza mwanayo. Kenako anatembenukira kwa ine, koyamba kundiyang'ana m'maso pa zaka zonsezo. "Mawa tikamatuluka m'tchalitchi akhale atafika. Usiku amavundukula bulangete, muzimufunditsa."

Tsiku limenelo tiyi sanathyoledwe. Ndinamunyamula paphewa, tinadutsa m'minda ya esiteti, iye atandigwira makutu, akundifunsa za chilichonse chimene waona. Njira yonse ankandiitanabe kuti aganyu, ndipo ine ndinkavomera.