Alamu odzaona dziko

Aneba athu, bambo achikulire osema ziboliboli, amakangana ndi wailesi ngati ikuwamva. Ikalengeza kuti alendo odzaona dziko achuluka chaka chino, iwo amapukuta fumbi pa njovu zawo zosagulidwa n'kufunsa kuti, "Nanga amadutsira kuti, m'mitambo?"

Munthu wakunja amene amafika pakhomo pawo ndi mmodzi yekha, alamu awo a kutsidya kwa malire, omwe amabwera mwezi uliwonse. Pachipata cholowera m'dziko alamuwo amati adzacheza, ndiye aneba amakhulupirira kuti boma limawawerenga ngati mlendo watsopano ulendo uliwonse.

Tsiku lina wailesi itatchula ndalama zimene mlendo aliyense amasiya m'dziko muno, aneba anadzutsa alamuwo, omwe anali m'tulo pa sofa atakhuta.

"Alamu, akuti inu ndi amene mukutilemeretsa. Nayi njovu, mtengo tigwirizana."

Alamuwo anaitembenuzatembenuza, n'kuiyamikira, n'kuilonga m'chikwama. "Zikomo alamu, ana akasangalala."

M'mawa mwake ndinapeza aneba akupukuta pamene panali njovu paja.

"Wailesi sinaname kwenikweni, katundu akuyenda," anatero. "Kungoti ya basi yobwerera ndawalipiriranso ndine."